Mawindo a Nkhunda ndi Kiyi wa Nkhokwe

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale la dzana lomweli, magetsi akuthimathima monga achitira lero, ku Balaka kunali mayi wina dzina lake Ndaona. Anali ndi ana amapasa oyamwa, mwamuna woyendetsa lole amene ankaoneka pakhomo mwa apo ndi apo, ndi laputopu yakale imene batire lake linkatha phala la mwana lisanazizire. Ntchito yake inali yolemba mapulogalamu a m'mafoni. Ankalembera anthu wamba: a magolosale, a zigayo, ndi mlamu wake Zuze, wowotcherera zitsulo kuseri kwa msika.

Olemba mapulogalamutu sayamba chilichonse kuchokera pansi. Ali ndi malo pa intaneti pamene amasungirana tizida tolembedwa kale, kachida kalikonse kodziwa ntchito imodzi basi: kena kuwonkhetsa, kena kusanja, kena kusankha zazikulu n'kusiya zazing'ono. Ukafuna umangotenga, monga azimayi a mzere umodzi wa nyumba amabwerekerana sefa ndi mtondo. Gulu la olemba mapulogalamu limene Ndaona analimo linkatcha malo awowo Nkhokwe.

Lamulo lalikulu la m'Nkhokwemo linali lakuti kachida kasamasinthe chinthu chimene kapatsidwa. Ukakapatsa nambala, nambala yako itsale mmene inalili, yankho libwere lapadera, latsopano. Zili ngati telala amene wamupatsa diresi loti aonerepo: asoke lina, asadule lachitsanzolo.

Kiyi wa Nkhokwe, ndiko kunena mphamvu yolola kapena kukana kachida katsopano, ankakhala ndi munthu mmodzi. Kale anayesapo awiri, wina n'kulowetsa chimene mnzake anakana dzulo lake, mapulogalamu a anthu n'kusokonekera. Kuyambira pamenepo anati mmodzi basi. Pamwamba pa kachida kalikonse pankalembedwanso dzina limodzi, kuti kakavuta anthu adziwe woti amuimbire foni.

Wosunga kiyi nthawi imeneyo anali mayi Nankhoma, munthu wa mawu ochepa ndi owuma. Maso awo anali atatopa ndi kuwala kwa kompyuta, ndipo anali atalengeza kuti mvula ikangogwa akupita kwawo ku Ntcheu kukalima kachewere. Mwambo wa gululo unali wodziwika: wosunga akamachoka, kiyi amapita kwa mwini wa kachida kotsiriza kamene iye walowetsa. Ndaona ankamufuna kiyiyo, ndipo sankabisa. Zopempha zake ndi za anzake olembera anthu wamba zinkagona pamzere mpaka kuchita chuku, pamene za anthu a m'maofesi a mumzinda zinkadutsa msanga.

Tsono nkhani inayambira pa mawindo.

Zuze anali ndi tepi yoyezera imene mbali ya mainchesi inafufutika kalekale. Amisiri omanga nyumba amayeza m'mainchesi, iye amadula m'masentimita. Ndiye Ndaona anamulembera kapulogalamu koti womanga akatumiza muyeso, foni izitembenuza yokha. Muyeso wa windo umabwera manambala awiri omangidwa pamodzi, m'lifupi ndi m'litali, ndipo a m'gululo ankatcha zoterezi kamtolo ka ziwiri. M'Nkhokwe munali kachida kotembenuza choyamba cha m'kamtolo. Munalinso kena kotembenuza chachiwiri. Kochita zonse ziwiri pakamodzi munalibe. Nthawi iliyonse unkayenera kumasula kamtolo, kukonza ichi, kukonza icho, n'kumanganso.

Masana ena Ndaona anamasula kamtolo, nakonza choyamba. Pomwepo mwana mmodzi anaika waya wa chaja m'kamwa. Ndaona anadzuka, namulanda, mnzake n'kuyamba kulira poona kuti winayo akulira. Pobwerera pampando, mutu unamuuza kuti wamaliza, ndipo anamanga kamtolo n'kutumiza kapulogalamuko kwa Zuze. Amene anasambitsapo mapasa akudziwa: umatha kudzoza mmodzi mafuta kawiri, mnzake ali mbuu.

Sabata yomweyo a komiti ya tchalitchi china anaitanitsa mafelemu a mawindo. Foni inatembenuza m'lifupi, m'litali n'kusiya m'mainchesi momwemo, ndipo Zuze anawerenga zonse ngati masentimita. Anadabwa ndithu poona zitsulo zikutuluka zotambalala koma zofupika ngati pakamwa pa mbaula. Anaganiza kuti mwina ndi timawindo tolowetsa mpweya pamwamba pa khoma, nanga foni yanena. Ngolo itafika nazo kutchalitchi, womanga anaseka mpaka kukhala pansi pa mchenga, nafunsa ngati mpingo waganiza zoweta nkhunda.

Zuze sanakalipe. Anasenza felemu imodzi, nafika nayo kwa Ndaona, naiyedzamitsa pakhonde.

"Alamu, ndakubweretserani mphatso," anatero. "Nkhunda mugule nokha."

Felemuyo inakhala pakhondepo. Kuibweza kunali kovuta, kuitaya kunali kochititsa manyazi, ndiye Ndaona anayamba kuyanikapo matewera. Azimayi opita kumjigo ankachepetsa liwiro akafika pamenepo.

Atakwiya chomwecho, Ndaona anakhala pansi nalemba kachida kamene kankasowako: ukakapatsa ntchito imodzi ndi kamtolo, kazichita ntchitoyo mbali zonse ziwiri, kuti munthu asadzaiwalenso mbali ina. Koma analemba mothamanga, mwana wina ali kumsana, wina akukoka chitenje. Kachida kake kankasintha manambala m'kamtolo momwemo mmalo mobweza kamtolo katsopano. Lamulo ankalidziwa bwinobwino. Anangoona kuti njira iyi ndi yachidule, ndipo anadziuza kuti chinthu chofunika chonchi palibe angachikane chifukwa cha kalamulo.

Anakatumiza kwa mayi Nankhoma, koma yankho linachedwa, monga mwa nthawi zonse. Litabwera linali lalifupi. Mayi Nankhoma anati Nkhokwe si dzala loponyamo chilichonse, zimenezo aliyense atha kudzilembera yekha, komanso kachidako kakudula diresi lachitsanzo.

Ndaona anatseka laputopu mwamphamvu mpaka ana anadzidzimuka. Aliyense atha kudzilembera yekha, eti? Nanga iye sanadzilembere yekha? Si zimenezo zili pakhondezo?

Sanagonje. Mapulogalamu a anthu a m'gululo anali poyera, aliyense ankatha kuwerenga a mnzake. Ana akagona masana, iye ankatsegula amodziamodzi, n'kumayang'ana paliponse pamene munthu wamasula kamtolo ndi kumanganso. Anapeza kuti aliyense amachita zomwezo, mobwerezabwereza, ngati kutunga madzi ndi kapu. Anapezanso anthu ena awiri amene anaiwala mbali yachiwiri ngati iye, kungoti zawo zinali zisanaphulike. Anawauza onsewo pagulu, natumizanso chithunzi cha felemu ija, matewera ali pomwepo. Anthu anaseka, ena n'kuyamba kumutcha mayi wa nkhunda. Koma atatha kuseka anayamba kulemba mmodzimmodzi kuti kachidako kakufunikadi. Mayi Nankhoma anavomera monyinyirika. Anati kufunika kakufunika, koma kabwere kolembedwa motsata lamulo, ndipo mwina ndi kamene adzatsekere ntchito yawo.

Ndaona anati mawa alembanso. Mawa lakelo mwana mmodzi anayamba kutsegula m'mimba. Atangoyamba kupeza bwino, mnzake anatengera, pakuti mapasa sadwala mmodzi. Laputopu inakhala chitsekere pamwamba pa kabati.

M'gululo munali bambo wina dzina lake Sankhani, wogwira ntchito pakampani ina ku Blantyre, wa zala zothamanga ndi mtima wosakonda kuona chinthu chili chiimire. Iye anaona kuti pempho lavomerezedwa koma mwini wake wangoti zii. Pa nthawi ya nkhomaliro, chipisi chili kudzanja limodzi, analemba kachidako mwatsopano. Mizere iwiri yokha, yoyera, yosakhudza kamtolo koyamba ngakhale pang'ono. Anakapatsa dzina lakuti Konsekonse. Anakayesa ndi muyeso wa windo la mbali zofanana, lija limene m'lifupi ndi m'litali ndi chimodzimodzi, ndipo yankho linatuluka lolondola. Anatumiza m'dzina lake, pansi n'kulembapo kuti akuthandiza achemwali athu a nkhunda.

Ndaona anaziona pafoni ali pamzere kuchipatala. Anapatsa mayi wina amene anali naye pafupi mwana mmodzi kuti amugwirire, naimbira Sankhani foni.

"Achimwene, mukanandifunsa kaye."

"Achemwali, ine ndimayesa ndikukupeputsani. Mitambo yayamba kale, kachidako kakanagona mpaka chaka chamawa."

"Mitamboyo ndiye mwaiona bwino. Mwaonanso ndi kiyi yemwe."

Sankhani anaseka pang'ono, nati za kiyi iye sanaganizeko n'komwe. Ndaona anadula foni. Mwina munthuyo ankanena zoona, kaya. Koma munthu amene sanaganizeko za kiyi amalemba dzina lake pamwamba chifukwa chiyani?

Ana atachira, Ndaona anatsegula mizere iwiri ya Sankhani naiwerenga ngati mayi wofuna nsabwe m'mutu mwa mwana wa mnzake. Anawerenga, nawerenganso, kufuna kachilema koti aloze pagulu. Sanapeze kanthu. Chinthucho chinali chokongola, ndipo kukongola kwakeko n'kumene kunamuwawa kwambiri. Mayi Nankhoma nawonso anawerenga ndi maso awo otopawo, nalemba kuti akaona bwino ndipo akalowetsa Loweruka pamsonkhano.

Munthu wachitatu amene anaikapo dzanja pa kachidako anali aphunzitsi a Chiwaula, ophunzitsa masamu pasekondale ina ku Zomba. Iwowa chilowereni m'gulu anali asanalembepo kachida kawokawo ngakhale kamodzi. Ntchito yawo inali kuyesa ta anzawo ndi kupezamo zolakwa, ndipo mawu oyamikira sankatuluka m'kamwa mwawo. Anthu akaona kuti aphunzitsi alemba, ankayamba apuma kaye asanatsegule.

Aphunzitsi sanawerenge mizereyo kambirimbiri ngati Ndaona. Anangotenga muyeso wa chitseko, chopapatiza koma chachitali, n'kupatsa Konsekonse. Chitseko chinatuluka chogona chammbali. Zinapezeka kuti Sankhani pomanganso kamtolo anatsogoza chachiwiri, choyamba n'kubwera pambuyo. Kompyuta sinadandaule, poti zonse ndi manambala, siidziwa kuti iyi ndi m'lifupi, iyi ndi m'litali. Ndipo windo limene Sankhani anayesera lija, ulitembenuze bwanji, limaoneka chimodzimodzi.

Aphunzitsi anasuntha zilembo ziwiri, ichi kupita uku, icho kubwera kuno, chitseko n'kuimirira. Kenako analemba mayeso oti kompyuta izidziyesa yokha nthawi zonse, a chitseko, a windo lotambalala, ndi ena otero, kuti wina akadzasokonezanso zidzaoneke pomwepo. Analembanso malangizo a kagwiritsidwe kake m'mawu oti munthu wachilendo amve. Pomaliza analemba chidzudzulo chachitali kuposa zonsezo. Anati kachidako kakanalowa mmene kanalili, si Zuze yekha amene akanawotcherera zitseko zolowa chokwawa, koma aliyense wodalira Nkhokwe akanatembenuziridwa zinthu osadziwa. Anatinso n'zomvetsa chisoni kuti gulu lonse linawerenga mizere iwiri osaona kanthu, kuphatikizapo mwini nkhani.

Mwini nkhaniyo anawerenga mawu amenewo akupatsa ana phala. Anaika supuni pansi. Chimene chinamupweteka si chipongwe cha aphunzitsi, anachizolowera. Chinali chakuti iye amene anali ndi felemu yopotoka pakhonde, iye amene ankadziwa kuposa wina aliyense kuti m'lifupi ndi m'litali si zofanana, sanaganize zongoyesa ndi chitseko. Mkwiyo unamutseka maso. Ankafuna kupeza cholakwa cha Sankhani, osati cha kachidako.

Loweruka anakumana m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yokonza mafoni, momwe gululo linkakumanira likafuna kuonana maso. Kunja kunali kutada bii ndi mitambo, ngakhale anali masana. Ndaona anabwera ndi ana onse, wina kumsana, wina pamiyendo. Mayi Nankhoma anatsegula laputopu yawo, nakulitsa zilembo kuti aone. Kachidako kanali kokonzeka. Panangotsala malo amodzi opanda kanthu, pamwamba, polemba dzina.

Ndaona ndiye anayamba kulankhula. Anati popanda iye sipakanakhala cholemba kapena choyesa. Zaka zonsezi anthu ankamasula ndi kumanga timitolo osadandaula, mpaka iye anapsa. Atakanidwa sanakhale pansi, anafufuza m'mapulogalamu a gulu lonse ana akugona, nalola kusekedwa ndi chithunzi chija mpaka wosunga kiyi anasintha maganizo.

"Manyazi onse a nkhaniyi ndasenza ndine," anatero. "Dzina lonyoza munandipatsa mosavuta. La pamwambapa lokha ndiye lavuta?"

Sankhani anati akumva chisoni ndi zimene achemwali anakumana nazo, koma chisoni sichilowa m'Nkhokwe, mumalowa tizida. Anapempha aliyense ayang'ane pakompyuta n'kuloza liwu limodzi la Ndaona limene latsalamo. Munalibe. Anati kufuna chinthu ndi kuchipanga ndi ntchito ziwiri, ndipo mizere imene ili pamenepo, ndi dzina lomwe la Konsekonse, zinatuluka m'zala zake.

Aphunzitsi a Chiwaula anapukuta magalasi awo asanayankhe. Anati mayiyu anabweretsa kachida kophwanya lamulo, bamboyu anabweretsa kachida konama, ndipo ka zilembo ziwiri zosunthidwazo ndi kokhako kamene kakugwira ntchito. Anakumbutsanso anthu kuti kiyi si mphoto ya wovutika kwambiri kapena wothamanga kwambiri. Ntchito ya wosunga kiyi ndi kuima pakhomo n'kukana zoipa.

"Ndi ndani mwa atatufe amene anakana choipa?" anafunsa.

"Aphunzitsi, inu mukatenga kiyi, m'Nkhokwemu simudzalowanso kanthu mpaka ana angawa adzakwatire," anatero Ndaona.

Anthu anaseka, koma aphunzitsi sanaseke. Sankhani anawonjeza kuti munthu amene sanalembepo kachida sangadziwe ululu wokanidwa. Aphunzitsi anamuyankha kuti munthu woyesa ntchito yake ndi windo la mbali zofanana ali ngati mwana wodzichongera yekha mayeso. Kenako onse awiri anatembenukira kwa Ndaona, wina nati ali ndi mtima wapachala, wina nati nanga ana akadzadwalanso Nkhokwe idzatsekedwa? Ndaona mawu anali nawo ambiri, koma mwana wa pamiyendo anali atayamba kufuna bere.

Wina mwa omvera anati bwanji alembe maina onse atatu. Mayi Nankhoma anapukusa mutu. Anati kachida ka maina atatu kakadzavuta, aliyense adzaloza mnzake, foni n'kumangolira. Wina anati bwanji kiyi azisinthana. Iwo anati zimenezo anaziona kale ndi maso awo asanatope, ndipo safuna kusiya Nkhokwe ili m'manja mwa anthu atatu amene sangagwirizane ngakhale pa mizere iwiri. Wina anati ndiye adikire kachida kena. Iwo analoza kudenga.

Madontho oyamba anali atayamba kugunda malata.

"Ine ndanena kale kuti mvula ikagwa ndapita," anatero mayi Nankhoma. "Mmodzi anaona koma analemba molakwa. Wina analemba bwino koma anatembenuza. Wina anakonza koma sakanayamba yekha. Nonse mwandithandiza, nonse mwanditopetsa. Malo ndi amodzi."

Anaika zala pa mabatani, nayang'ana anthu onse amene anali m'chipindamo, kudikira kuti wina atchule dzina. Palibe anatchula. Mvula inakula mpaka mawu osamvekanso. Ndaona anakumbukira kuti pochoka kunyumba anasiya matewera ali chiyanikire pafelemu ija, ndipo tsopano akunyowa onse. Sanadzuke. Anakhala pomwepo, mwana ali kubere, maso ali pa malo opanda kanthu aja.

Nkhaniyi yafika pamenepa, ndipo zala za mayi Nankhoma zikadali pa mabatani. Ndaona akanapanda kupsa ndi kulimbikira, palibe akanalemba kachidako. Sankhani akanapanda kulemba, mvula ikanagwa pasanaoneke chilichonse cholowetsa. Aphunzitsi akanapanda kuyesa ndi chitseko, chimene chikanalowacho chikanawononga ntchito za anthu ambiri. Tsono inu amene mwamva zonsezi, muwauze mayi Nankhoma basi ya ku Ntcheu isanawasiye: pamwamba pa Konsekonse alembepo dzina la ndani, ndipo kiyi wa Nkhokwe amusiye m'manja mwa yani?